Ruurd Bangma, Wochiritsa ndi Utoto

Ruurd Bangma ndinamudziwa akadali ndi mamina pamphuno. Anali kalasi imodzi ndi mlongo wanga ku pulaimale kuno ku Dokkum, ndipo bambo ake ankakonza njinga m'kashopu ka pafupi ndi mlatho. Bambowo sankachulutsa gaga m'diwa: ukawapititsira njinga ankaiyang'ana kamodzi, n'kukuuza tsiku lodzaitenga. Mwana wawo sanatengere zimenezo. Ruurd ankatha kufotokoza za tayala lophwa kwa ola lathunthu manja ali m'thumba, tayalalo likadali lophwa.

Atakwanitsa zaka makumi awiri analengeza kuti iye ndi katswiri wa zojambula. Anapita ku Groningen kukaphunzira, ndipo patatha zaka ziwiri anabwerako ndi mpango wautali m'khosi, satifiketi ayi. Ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti aphunzitsi a kumeneko ankamuchitira nsanje. Chilimwe china mwini malo ena omwera khofi anamulola kupachika zithunzi zake pakhoma. Chinagulidwa chimodzi. Anagula ndi azakhali ake, ndipo anakachipachika polowera m'nyumba, kuseri kwa majekete.

Zitatero analowa ntchito yogulitsa makabati a kukhitchini ku Drachten, ndipo kunena chilungamo ntchito imeneyo inkamukhala, chifukwa pakamwa anali napo. Anakwatira Hinke, mkazi wabwinobwino wa ku Holwerd, amene anapirira zaka khumi ndi zinayi akumva tsiku ndi tsiku kuti mwamuna wake ndi mbalame yotsekeredwa pakati pa makabati. Tsiku lina Hinke anatsegula chitseko, koma amene anauluka ndi Hinke yemweyo, pamodzi ndi galu wawo.

Apa ndi pamene Ruurd, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anatulukira kuti anabadwira kuchiritsa anthu. Analembetsa maphunziro ku Leeuwarden, aja ophunzitsa kuthandiza odwala ndi ovutika maganizo kudzera m'kujambula ndi kuumba dongo. Ntchitoyo payokha sindiinyoza. Kuntchito kwathu kunali mayi wina amene anaigwira zaka zambiri mpaka kupuma. Ankakhala pambali pa munthu mwakachetechete, kumupatsa burashi, kudikira, ndipo ndinaonapo nkhalamba zolira tsiku lonse zikutuluka m'chipinda chake zitaphwa mtima. Mayiyo sankadziwika ngakhale ndi a m'tauni momwe muno. Ruurd asanamalize n'komwe chaka choyamba, Dokkum yense anali atadziwa.

Ine dzina langa ndi Baukje. Ndagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu kunyumba yosamalira okalamba: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ruurd anabwera kwathuko m'chaka chake chachitatu kudzayeserera ntchito. Anatipeza tikumwa khofi wa teni koloko, akukoka chikwama cha matayala chodzaza utoto, mpango uli m'khosi ngakhale kunali kotentha. Anaimirira kutsogolo kwathu ngati m'busa, n'kutiuza kuti amalemekeza kwambiri ntchito yathu yosamalira matupi, koma iye wabwera kudzasamalira zam'kati mwa munthu.

"Zam'katizo ifenso timazidziwa, a Ruurd," ndinatero. "Timazipukuta m'mawa uliwonse."

Anzanga anaseka mpaka khofi kutayika. Iye anandiyang'ana mwachifundo, n'kunena kuti nthabwala ndi chitseko chimene munthu amatseka akaopa kudziona. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndi munthu woti sungamuchititse manyazi.

Anamupatsa chipinda cha pansi choyang'ana kudimba, Lachiwiri ndi Lachisanu. Chilichonse chimene nkhalamba yajambula, Ruurd ankachipezera tanthauzo nkhalambayo isanaike burashi pansi. Agogo ena amene anakama ng'ombe moyo wawo wonse anajambula ng'ombe ya mawanga akuda, iye n'kulemba m'lipoti kuti mdima wayamba kuwadya moyo. Ng'ombe za kuno zakhala ndi mawanga akuda kuyambira makolo athu asanamange madamu otchinga nyanja, koma zimenezo sizinalowe m'lipoti. Ena akajambula nyumba yopanda utsi, ndiye kuti chikondi chinazima m'banja mwawo. Akaika utsi, ndiye kuti mkwiyo ukufuna potulukira. Ndinamupezanso kangapo anthu atatuluka akuwongola zithunzi zawo ndi burashi yake, ati kuzithandiza kuti zinene zimene eni ake alephera.

Pakati pa anthu amene ankamupititsira panali Bambo Lolke Hiemstra, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, mlimi wa mbatatesi wa cha ku Ternaard. Sitiroko inawapha dzanja lamanja ndi kuwalanda mawu, koma nzeru inawasiyira zonse. Ankamva chilichonse, kungoti poyankha pankatuluka phokoso lopanda mutu, ndipo zimenezo zinkawapsetsa mtima kotero kuti nthawi zambiri ankangokhala duu. Kulemba nakonso kunapita limodzi ndi mawu. Anali ndi matenda a shuga. Analinso munthu wodzisunga: sankalola mkazi aliyense kuwavula. Ankadzitsekera m'bafa n'kusamba okha ndi dzanja lamanzere, n'kutuluka atavala kale sokosi ndi nsapato. Ife tinkakhala atatu pa anthu makumi awiri ndi anayi, ndiye munthu akati ndisamba ndekha, sitinkalimbana naye. Ndikunena izi kuti wina asadzati Baukje anadziyeretsa.

Tonsefe tinkawaitana kuti Bambo Hiemstra. Ruurd yekha ankawaitana kuti Lolke, n'kumawanena kuti iwe, atawagwira paphewa, akulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kugwira supuni. Ati ulemu ndi khoma. Masabata oyamba bambowo ankangokhala patebulo kuyang'ana pawindo, pepala lili loyera, ndipo Ruurd analemba masamba awiri onena za kuyera kwa pepalalo.

Mu Seputembala mwana wawo wamkazi, Sietske, anawagulira nsapato zatsopano zachikopa. Mu Okutobala, Lachiwiri lina, Bambo Hiemstra anatenga burashi okha popanda wowakakamiza. Anajambula chinthu chachitali chabulauni, chotupa mbali imodzi, chokhala ndi timatumphu kumapeto, ndipo pafupi ndi timatumphuto anadontheza kadontho kofiira. Dzanja lamanzere silinazolowere, choncho chinkaoneka ngati boti kapena buledi wopsa mokhota. Ruurd anathamangira kumtunda kudzatiuza kuti lero khomo latseguka.

Lachisanu anajambulanso chomwecho. Lachiwiri lotsatira chomwecho, koma kufiira kuja kutakula. Ruurd ankazipachika pakhoma chopingasa, motsatizana, ndipo tanthauzo anali atalipeza kale. Chinthu chabulaunicho ndi munda umene banja linagulitsa bambowo atadwala. Timatumphu ndi mizere ya mbatatesi. Kufiirako ndi mkwiyo. Bambo Hiemstra akamva zimenezi ankamenya tebulo n'kuloza pansi, Ruurd n'kugwedeza mutu mosangalala.

"Mukuona? Akuloza nthaka. Lira nayo nthaka yako, Lolke, usaope. Pano ndi pabwino."

Sabata yachitatu pakati pa kufiira paja panabwera kadontho kakuda. Tsiku limenelo Sietske anabwera kudzaona bambo ake, ndipo Ruurd anamukokera m'chipinda chake cha utoto, kumukhazika pampando, n'kumuonetsa khoma lonse. Anamuuza mwaulemu wonse kuti bambo ake ali ndi chakukhosi chachikulu ndi amene anasaina pepala logulitsa munda, ndipo ndi bwino adzifunse yekha ngati anawapemphapo chikhululuko. Amene anasaina anali Sietske yemweyo, chifukwa panalibenso wina. Ndinamuona pambuyo pake pamalo oimika magalimoto, atagwetsa mutu pachiwongolero. Kunkagwa mvula, ndipo anakhala pamenepo mpaka inakata.

Lachisanu lotsatira ndinatsika kukatenga anthu kuti akadye chamasana. Ruurd anali pakhonde akulankhula pafoni ndi mphunzitsi wake. Pepala la tsikulo linali litagwa patebulo n'kugwera pansi, ndipo linagwa choimirira, timatumphu tili kutsogolo, pafupi penipeni ndi nsapato yanga. Ndinawerama kuti ndilitole, kenaka ndinaima. Timatumphu tinali tisanu, kamodzi kakakulu, enawo akucheperachepera. Ndinayang'ana pakhoma: paliponse tisanu.

Bambo Hiemstra anali akundiyang'ana.

"Bambo Hiemstra, kodi ili ndi phazi?"

Anatsinzina, n'kugwedeza mutu kamodzi.

"Lanu?"

Anagwedezanso.

"Ndiye mundikhululukire, lero ndikuvulani nsapato."

Sanakane. Ndinagwada n'kumasula zingwe za nsapato ya kumanja. Sokosi inali itamatirira pakhungu, ndipo fungo linandiuza zonse ndisanaone. Nsapato yatsopano ija inawatupitsa thuza pansi pa zala, thuzalo linaphulika, ndipo kwa munthu wa shuga bala lotero silidikira. Linali lofiira mozungulira, lakuda pakati, ndendende mmene analijambulira. Bambo amene sanagwirepo burashi moyo wawo wonse, ndi dzanja lolakwika, anajambula bala lawo molondola kasanu ndi kamodzi, ndipo munthu wa maphunziro a zithunzi anakhala moyang'anana nalo masabata atatu.

Ambulansi inawatengera kuchipatala ku Leeuwarden masana omwewo. Anawadula zala ziwiri. Dokotala anati pakanapita sabata ina, likanapita phazi lonse.

Lolemba Mayi Postma, amene amayendetsa nyumbayi, anatiitana tonse kuofesi. Nkhope yawo inali yotuwa, poti bala la masabata atatu pa munthu wa shuga ndi nkhani yoti akuluakulu a boma akaimva amabwera ndi mafaelo. Aliyense ankangoyang'ana kapu yake. Ine ndinali ndi mantha, chifukwa pandandanda wa osambitsa dzina langa linalipo kangapo m'masabata amenewo. Ndinkayembekezera kuti Ruurd akhala kumapeto kwenikweni, mutu uli pansi.

Koma woyamba kulankhula anali iyeyo. Anati zimene zachitikazi ndi umboni wa mphamvu ya ntchito yake. Munthu wopanda mawu, amene madokotala ndi osamalira onse analephera kumumva, anapeza chilankhulo m'chipinda cha utoto. Pakanapanda malo otetezeka amene iye anamukonzera, pakanapanda kuleza mtima kwa masabata atatu, bamboyo sakanatha kunena za ululu wake, ndipo lero bwenzi alibe mwendo. Anatinso iye ankaona kuti chithunzicho chikukhwima, ndipo ankadikira kuti chilankhule chokha.

Ndinayang'ana Mayi Postma kudikira kuti amudule. M'malo mwake ndinaona magazi akubwerera kumaso kwawo. Anatenga cholembera. Anamupempha kuti abwerezenso mawu aja a chilankhulo.

"Nanga munda uja, a Ruurd?" ndinafunsa. "Mizere ya mbatatesi ija?"

Anamwetulira, n'kunena kuti chithunzi chimatha kunyamula zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo phazi la mlimi ndi munda wake n'chimodzimodzi kwa amene amadziwa kuwerenga. Mayi Postma anati ino si nthawi yolozana zala, ndipo poti pa nkhani ya zala panali pataipa kale, mnzanga wina anatsamwa ndi khofi. Kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali pang'ono, n'kunena kuti akukhulupirira kuti palibe amene akufuna kuti ayambe kufufuza ndandanda wa kubafa. Ndinatseka pakamwa. Ndili ndi nyumba ya lendi ndi msana wowawa, ndipo zaka makumi asanu ndi zisanu si msinkhu wofunira ntchito ina.

Malipoti akale a Ruurd, aja a mkwiyo ndi nthaka, ndinawawerenga ndi maso angawa asanasinthidwe. Pofika Khirisimasi anali atalembedwanso, ati kuwakonza chilankhulo. Kanyuzipepala ka m'dera lino kanabwera kudzajambula. Pachithunzi pali Ruurd atanyamula pepala lija, tsopano choimirira, Mayi Postma ali pambali pake. Sietske anabwera ndi keke ya malalanje kudzamuthokoza. Za tsiku lija la m'galimoto sanazitchule, mwina anaganiza kuti nazonso zinali mbali ya mankhwala. Ruurd anadula kekeyo yekha n'kutigawira, ine anandipatsa chidutswa chachikulu.

Bambo Hiemstra anabwerako ali pa njinga ya olumala. Tsopano ankalola kuti ndiwasambitse, ine ndekha, atatembenukira kukhoma. Lachiwiri loyamba Ruurd anabwera kudzawatenga yekha, manja atatambasula, akuitana Lolke kuchokera kukhonde. Bambowo anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyo lija, ndipo dzanja limene lanyamula matumba a mbatatesi zaka makumi asanu silimasuka ndi mawu okoma. Ruurd anakoka njingayo pang'ono, bedi linasuntha. Anasiya. Analemba kuti wodwalayo wamaliza ulendo wake ndipo sakufunikiranso burashi, chimene ndi chizindikiro cha kuchira. M'chipinda cha utoto sanalowemonso mpaka anamwalira m'mwezi wa Epulo, ndi chibayo.

Nkhani ya phazilo ndi imene Ruurd analemba pomaliza maphunziro ake, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Dipuloma imene inamukana ali mnyamata anailandira ali ndi imvi, azakhali ake aja ali pampando wakutsogolo ndi ndodo yawo. Kwathu sanapemphe ntchito, ati okalamba anamuphunzitsa zimene anafunika kuphunzira. Anatsegula kaofesi kake ku Leeuwarden, pamwamba pa shopu ya magalasi a maso, ndipo kumapita anthu otopa ndi ntchito za m'maofesi, amayi osiyidwa ndi amuna, ndi ena amene inshuwalansi yawo imalola. Ndimamva kuti ena amatulukako akuti athandizidwa. Sindikutsutsa. Munthu ukakhala ola lathunthu ukupaka utoto popanda foni kulira, chinachake chimatsika ndithu, kaya pambali pako pakhala wanzeru kaya mpando.

Chaka chatha anadzakamba nkhani kulaibulale ya kuno, ndipo ndinapita ndi mnzanga wa kuntchito, poti kunja kunkagwa matalala ndipo khofi anali waulere. Munadzaza. Nkhani ija inali itakula ngati dzungu. Tsopano Ruurd ndi amene anazindikira phazilo pa chithunzi chachiwiri, koma anadziletsa kuti asamulande wodwala mawu ake. Tsiku litakwana anaitana wosamalira wina, mayi wa mtima wabwino koma wotopa, n'kumuuza kuti: gwada, vula nsapato. Anthu anapuma mozama. Mayi wina kutsogolo kwanga ankapukuta misozi. Mnzanga ananditsina pantchafu kuti ndiimirire ndinene, koma ndikanati chiyani, kwa yani? Mwini phazi anali kumanda, ndipo ali moyo sakanathanso kundichitira umboni. Tinatuluka anthu akuomba m'manja.

Ndinakumana naye komaliza Lachitatu lina pamsika, pamzere wogula nsomba zokazinga. Wanenepa, ndevu wazisunga, ndipo tsopano amaphunzitsako ena tsiku limodzi pa sabata. Anandipsompsona masaya katatu ngati ndife abale, n'kundifunsa za nkhalamba zake, ngakhale dzina limodzi osalikumbuka. Kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono, mutu ataupendeketsa, kuyang'ana jekete yanga yotuwa imene ndinagula pa selo.

"Baukje, mtundu umenewu umavalidwa ndi munthu amene wasunga mawu osanena. Udzabwere kuofesi, ola loyamba sindilipiritsa."

"Mawuwo ndili nawodi, a Ruurd."

"Waona? Ndimadziwa ine."

Wogulitsa nsomba anafunsa kuti wotsatira ndani. Wotsatira ndinali ine, koma Ruurd anali atayamba kale kuitanitsa zake, akumufotokozera mwini nsomba mmene nsomba imafunika kukazingidwira. Ndinadikira, ndinagula zanga, n'kukwera njinga kupita kuntchito, chifukwa ndinali wolowa masana ndipo tsiku limenelo tinali awiri okha.